Kutumiza tsamba la pa intaneti ngati imelo popanda kuliphwasula

Mwini malo ogona alendo ku Cape Maclear ali ndi tsamba pa webusaiti yake pomwe anaika mitengo ya zipinda, zithunzi za gombe ndi ulendo wa pa bwato wopita ku chilumba cha Thumbi. Kampani yonyamula alendo ku Lilongwe yamupempha kuti atumize zonsezo pa imelo, kuti nayonso izitumiza kwa makasitomala ake. Iye watsekula tsambalo, wakopera zonse, wamata mu Gmail n'kutumiza. Pa kompyuta yake zikuoneka bwino ndithu. Koma kwa wolandira, zithunzi zasanduka timabokosi topanda kanthu, mitengo yomwe inali m'mizere itatu yaunjikana pamodzi, ndipo pansi palembedwa kuti uthengawo wadulidwa. Zomwezi zimagwera mlembi wa gulu la asodzi ku Malindi, kalaliki wa sukulu ku Namwera, ndi aliyense wofuna kuti chilengezo chake chifike chikuoneka monga chilili pa webusaiti.

Wotumizayo sanalakwitse kudina. Chimene mumachiona pa sikirini ngati tsamba limodzi ndi mafayilo ambirimbiri. Pali fayilo ya HTML yonyamula mawu ndi ndondomeko yake. Pali mafayilo a CSS onena kuti mutu ukhale wobiriwira, mitengo ikhale kumanja, zilembo zikule chonchi. Pali zithunzi, chilichonse pachokha. Palinso JavaScript, yomwe imatsekula menyu, kusinthasintha zithunzi ndi kuwerengera mtengo wa masiku atatu. Browser, kaya ndi Chrome kaya Firefox, imapita ku seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, kukatola zonsezi n'kuzilumikiza inu mukuona. Pulogalamu ya imelo sichita zimenezo, ndipo imakana dala. Ikanamalola JavaScript ya munthu aliyense kugwira ntchito m'bokosi lanu la makalata, wakuba akanangokutumizirani uthenga umodzi n'kuwerenga makalata anu onse. Choncho Gmail, Outlook ndi Yahoo amasefa uthenga usanaonetsedwe: JavaScript amaitaya, mafayilo a CSS okhala kunja kwa uthengawo sawatola, mafomu odzaza ndi mavidiyo nthawi zambiri sagwira ntchito.

Usipa wopita ku Limbe saunyamula ndi madzi ake. Umayamba wayanikidwa pa thandala, ukauma ndiye umalowa m'thumba. Tsamba nalonso liyenera kukonzedwera ulendo: kuchotsa zomwe sizingayende, kumangirira pamodzi zomwe zingayende, ndi kulichepetsa kuti lifike pa foni ya munthu amene bandulo yake yatsala pang'ono kutha.

Musanayambe ntchito yonseyo, dzifunseni ngati mukuifunadi. Ngati wolandira akungofunika kuona tsambalo, mizere iwiri ya moni ndi linki zikukwanira, ndipo ubwino wake ndi wakuti mukasintha mtengo mawa iye adzaona watsopanowo. Ngati akufuna choti asunge kapena asindikize, monga ndondomeko ya msonkhano kapena mndandanda wa fizi, PDF ndiye yoyenera: pa kompyuta dinani Ctrl ndi P, pa malo osankhira printa sankhani Save as PDF. Pa foni ya Android, mu Chrome, dinani timadontho titatu, kenako Share, Print, Save as PDF. Kuika tsamba m'thupi lenileni la imelo kumafunika pamene mukufuna kuti munthu awerenge akangotsekula, osadina kalikonse. Kalata ya mwezi ndi mwezi ya bungwe, chilengezo cha mitengo, chiitano, izi ndi zomwe zimayenera khama limeneli, chifukwa kumene netiweki imabwera n'kupita, monga madera ena a ku Makanjira, munthu woti adinenso linki kawiri mwamutaya.

Njira imodzi tiikane pano pomwe. Anthu ena amasunga tsamba ndi Ctrl ndi S, n'kumata fayilo ya .html ija ku imelo. Mukasankha Webpage, Complete, browser imapanga fayiloyo limodzi ndi foda yothera ndi _files momwe muli zithunzi ndi zina zonse. Mukatumiza fayilo yokha, imafika ili mbulanda. Mukaika foda yonse mu zip, Gmail imatha kukana, chifukwa kuyambira February 2017 sailola mafayilo a .js ngakhale abisidwe mu zip. Kuwonjezera apo, fayilo ya .html yomatidwa ku imelo ndi imene akuba amakonda kugwiritsa ntchito pobera anthu mapasiwedi, moti makampani ambiri amaitsekera pakhomo.

Njira yachidule yomwe imagwira bwino pa nkhani za mawu ambiri ndi iyi. Tsekulani tsambalo mu Firefox kapena Edge pa kompyuta, tsikani mpaka pansi penipeni kuti zithunzi zonse zituluke, kenako dinani F9. Tsambalo lisanduka losalala: menyu, zotsatsa malonda ndi za m'mbali zichoka, patsala mutu, mawu ndi zithunzi za nkhaniyo. Apo ndiye dinani Ctrl ndi A, Ctrl ndi C, n'kumata mu uthenga watsopano ndi Ctrl ndi V. Kutsika mpaka pansi kuja si mwambo chabe. Masamba ambiri masiku ano satola chithunzi mpaka mutafika pamene chili, pofuna kupulumutsa data, ndipo mukakopera musanafikepo mumatenga kachithunzi kopanda kanthu komwe kanangosunga malo. Onetsetsaninso kuti mu Gmail mulibe chizindikiro pa Plain text mode, chifukwa ikakhala yoyatsa maonekedwe onse amafufutika. Amene ali ndi Mac zinthu n'zosavuta: Safari ikatumiza tsamba ku pulogalamu ya Mail, imakulolani kusankha pakati pa Reader, Web Page, PDF ndi Link Only. Kale Internet Explorer inali ndi batani lotumizira tsamba pa imelo, koma Microsoft inaipumitsa pa 15 June 2022.

Zithunzi

Mavuto ambiri ali apa, ndiye tikhalitsepo. Mu HTML chithunzi sichikhala m'kati mwa tsamba. Mumangokhala adiresi yake. Pa webusaiti adiresiyo imalembedwa mwachidule, mwachitsanzo src="zithunzi/gombe.jpg", kutanthauza kuti lowa mu foda ya zithunzi yomwe ili pompano. Tsamba likachoka pa seva yake n'kulowa mu imelo, "pompano" uja kulibenso. N'chimodzimodzi kuuza mlendo ali ku Mzuzu kuti nyumba yathu ili kuseri kwa msika, osatchula kuti msika wake ndi wa ku Monkey Bay. Adiresi iliyonse iyenera kukhala yathunthu, kuyambira pa https:// ndi dzina la webusaiti mpaka dzina la fayilo. Malinki onse odina nawonso chimodzimodzi. Adiresi yoyamba ndi file:/// kapena C: ikuloza mu kompyuta yanu, ndipo ndi imene imapusitsa anthu kwambiri, chifukwa mukadzitumizira nokha n'kutsekula pa kompyuta yomweyo chithunzi chikhoza kuoneka, pamene kwa wina aliyense kulibe.

Njira zonyamulira chithunzi zilipo zitatu, ndipo sizifanana. Yoyamba ndi kuchisiya pa seva, imelo n'kungonyamula adiresi. Uthenga umapepuka, koma chithunzicho chiyenera kukhala poti aliyense angachipeze osalowetsa pasiwedi, ndipo chikhalebe pamenepo. Mukasamutsa webusaiti kapena dzina lake la .mw likatha osalipiranso, maimelo onse akale amatsala opanda zithunzi. Musadalire adiresi yokopera pa Facebook, chifukwa imatha mphamvu pakapita nthawi, ndipo linki ya Google Drive imaloza ku tsamba loonetsera chithunzi osati ku chithunzi chenichenicho. Yachiwiri ndi kuchimangirira mu uthenga momwemo, njira yotchedwa CID, yomwe Gmail, Outlook ndi Thunderbird amachita okha mukalowetsa chithunzi kudzera pa batani lawo. Apa chithunzi chimayenda ndi uthengawo, koma wolandira aliyense amalipira kulemera kwake. Yachitatu ndi kusandutsa chithunzi kukhala mzere wautali wa zilembo woyamba ndi data:image. Iyi isiyeni. Gmail siionetsa.

Kulemera kwa chithunzi ndi nkhani ya ulemu kwa wolandira. Foni ya masiku ano imajambula chithunzi cha 3 MB kapena 4 MB. Chilichonse chomangiriridwa mu imelo chimakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa chimayamba chasandutsidwa zilembo kuti chidutse m'njira za makalata. Zithunzi zisanu ndi chimodzi zotere zafika kale pa malire a Gmail a 25 MB, ndipo munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi ya Airtel kapena TNM sangakuthokozeni. Chepetsani chithunzi chilichonse chisapitirire mapikiselo 1200 m'lifupi, muchisunge ngati JPEG, ndipo chikhale pakati pa 100 KB ndi 150 KB. Chizindikiro cha bungwe chikhale PNG. Mawebusaiti ambiri tsopano amagwiritsa ntchito zithunzi za mtundu wa WebP ndi SVG. Outlook yakale ya pa Windows siwerenga WebP, ndipo Gmail siionetsa SVG, ndiye muzisinthe musanatumize. Zithunzi zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Zotsalazo munthu akazione pa webusaiti.

Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu a alt, ofotokoza chimene chili pamenepo, monga alt="Chipinda cha anthu awiri choyang'ana kunyanja". Gmail imaonetsa zithunzi yokha kuyambira December 2013, koma Outlook imazibisa mpaka munthu atalola, ndipo ambiri osamala data amazitseka dala. Mawu a alt ndi amene amaoneka m'malo mwake, komanso ndi amene pulogalamu yowerengera anthu osaona imatchula. Pa chifukwa chomwecho, musajambule mitengo kapena tsiku la msonkhano m'kati mwa chithunzi. Tikudziwa kuti positala imodzi yokonzedwa pa Canva imakopa maso, koma imelo yokhala ndi chithunzi chokhachokha imafika yoyera mbee kwa amene watseka zithunzi, siipezeka munthu akamafufuza mawu m'bokosi lake, ndipo zosefa za spam zimaikayikira.

Pa nkhani ya kayalidwe, pofunika kubwerera m'mbuyo zaka makumi awiri. Kuyambira Outlook 2007, Outlook ya pa Windows imaonetsa imelo pogwiritsa ntchito injini ya Microsoft Word, osati ya browser. Word sidziwa flex kapena grid, zomwe mawebusaiti onse a lero amayalira zinthu. Simvetsa bwino zithunzi za kumbuyo kwa mawu, ndipo makona ozungulira imawawongola. Outlook yatsopano yasintha zimenezi, koma yakaleyo ikadali m'maofesi ambiri a boma, mabanki ndi mabungwe, omwe ndi amene mumawalembera. N'chifukwa chake okonza maimelo amayala chilichonse m'matebulo a HTML. Tebulo lakunja limatenga m'lifupi monse, lamkati limakhala pakati ndipo silipitirira mapikiselo 600. Mzere woyamba chizindikiro, wachiwiri mutu, wachitatu chithunzi, wachinayi mawu, kutsika choncho mpaka pansi.

Ife timalangiza mzati umodzi basi. Mizati itatu yomwe imakongola pa kompyuta imafinyana pa foni mpaka zilembo kukhala ngati nyerere, ndipo kuno imelo anthu amawerengera pa foni. Tebulo lamkati lipatseni width:100% ndi max-width:600px kuti lizichepa lokha pa sikirini yaing'ono. Outlook yakale imanyalanyaza max-width n'kulitambasula, koma ngati mzati uli umodzi sizionongeka kwambiri. Wofuna kulimanga bwino amalizinga ndi tebulo lina lolembedwa m'kati mwa chizindikiro cha [if mso], chomwe Outlook yokha imawerenga. Chithunzi chipatseni width="600" komanso style="display:block;width:100%;max-width:600px;height:auto". Mawu a display:block amachotsa kampata koyera komwe kamaoneka pansi pa zithunzi.

CSS yonse ilembedwe pa chinthu chenichenicho, osati pamwamba pa fayilo. M'malo monena kamodzi kuti ndime zonse zikhale chonchi, ndime iliyonse inyamule zake: style="font-family:Arial,sans-serif;font-size:16px;line-height:24px;color:#222222". Ndi ntchito yotopetsa pamanja, ndiye pali zida zaulere pa intaneti zotchedwa CSS inliner zomwe zimachita zimenezi mukangomata HTML yanu. Gmail inayamba kulola CSS ya pamwamba mu 2016, koma ikapezamo cholakwika chimodzi imatha kutaya yonse, ndipo pulogalamu ya Gmail ya pa foni siiwerenga ngati akauntiyo si ya Google. Zilembo zachilendo za pa webusaiti sizifika kwa ambiri. Sankhani Arial, Verdana kapena Georgia. Mawu asachepere mapikiselo 14, ndipo 16 ndi abwino koposa kwa owerenga achikulire. Batani likhale linki wamba yoikidwa m'kabokosi ka tebulo kopakidwa mtundu, kotalika mapikiselo 44 kapena kuposa kuti chala chisaphonye. Kumbukiraninso amene foni zawo zili pa dark mode: chizindikiro cha zilembo zakuda chopanda mtundu kumbuyo chimazimiririka mumdimawo, ndiye chiikeni pa kabokosi koyera.

Fomu yosungitsira malo ya pa tsamba lanu siigwira mu imelo, ndiye ikani china m'malo mwake. Linki ya wa.me imatsegula WhatsApp pomwepo: lembani https://wa.me/ kenako 265, kenako nambala yanu yopanda ziro woyamba, popanda chizindikiro cha + kapena mipata. Linki yoyamba ndi tel: imaimba foni ikadinidwa. Mapu a Google omwe amayenda pa tsamba lanu nawonso safika. Ikani linki yake yokha, ndipo mulembe m'mawu njira yake, monga mtunda kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi kapena pa mphambano ya ku Monkey Bay.

Ŵ ndi kachizindikiro ka ng'

Ili ndi vuto lathulathu, lomwe malangizo olembedwa kunja salitchula. Munthu walemba Malaŵi, kwa wolandira kwafika MalaÅµi. Walemba ng'ombe, kwafika ngâ€™ombe. Chimachitika n'chakuti mu UTF-8, njira yosungira zilembo mu kompyuta, chilembo cha ŵ chimasungidwa ndi mabayiti (timagawo ta data) awiri, ndipo kachizindikiro kopindika komwe Word imaika mu ng' ndi m' kamasungidwa ndi atatu. Pulogalamu yolandira ikapanda kuuzidwa kuti uthengawo uli mu UTF-8, imawerenga bayiti iliyonse payokha ngati chilembo cha zinenero za ku Ulaya, n'kutulutsa zinyalalazo. Kuno ku Mangochi nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa zilengezo zambiri zimalembedwanso m'Chiyao, momwe ŵ amapezeka pafupifupi mzere uliwonse, kuyambira pa mawu akuti ŵandu. Ndipo m'Chichewa simungamalize ndime popanda m'mudzi, n'kupita kapena pang'ono.

Mankhwala ake ali patatu. Fayilo yanu ya HTML isungidwe mu UTF-8. Mu Notepad mumasankha pa Encoding pamene mukusunga. Pamwamba pa fayiloyo pakhale meta charset="UTF-8". Chachikulu koposa, mutu wa imelo yeniyeniyo unene kuti charset=UTF-8, chifukwa ndi umene pulogalamu yolandira imaumvera. Gmail ndi Thunderbird amachita zimenezi okha. Ngati mukukayikabe, mu HTML lembani ŵ m'malo mwa ŵ ndi Ŵ m'malo mwa Ŵ, ndipo mugwiritse ntchito kachizindikiro kowongoka ka pa kiyibodi m'malo mwa kopindika; izi zimadutsa paliponse. Koma manambalawa amagwira m'thupi la uthenga mokha. Mukawaika pa mzere wa Subject amaoneka momwemo.

Tsopano kudulidwa kuja. Gmail imadula uthenga womwe HTML yake yapitirira pafupifupi 102 KB, n'kulemba Message clipped ndi linki yoonera zotsala. Zithunzi siziwerengedwa m'kulemeraku, ndi mawu ndi zizindikiro za HTML zokha. Tsamba lokopera mwachindunji pa webusaiti yopangidwa ndi pulogalamu ya WordPress limapyola malirewa mosavuta, chifukwa pomata, browser imasomeka malangizo a maonekedwe ambirimbiri pa kanthu kalikonse. Zolemba zochokera mu Word zimachitanso chimodzimodzi. Choopsa n'chakuti zomwe zimadulidwa ndi za pansi, komwe kuli nambala ya foni, adiresi ndi linki yosiyira kulandira makalata. Yang'anani kukula kwa fayilo yanu musanatumize, ndipo yesetsani isafike 80 KB, popeza mapulogalamu otumizira amawonjezera zawo m'njira.

Fayilo yoyera ikakonzeka, kuilowetsa mu imelo kumadalira chomwe mukugwiritsa ntchito. Gmail ilibe polowetsera HTML. Mukamata zizindikirozo zimafika ngati mawu wamba. Tsekulani fayiloyo mu Chrome, koperani zimene zikuoneka, mumate mu uthenga. Thunderbird, yomwe ndi yaulere, ndi yosavuta: yambani uthenga, dinani m'thupi lake, pitani pa Insert kenako HTML, mumate zonse. Mu Outlook yakale pitani pa Attach File, sankhani fayiloyo, koma musadine Insert. Dinani kamuvi kali pambali pake n'kusankha Insert as Text. Mukalowetsa, musakonzenso zambiri momwemo, chifukwa kusintha kulikonse kumasokoneza matebulo. Bwererani ku fayilo, konzani kumeneko, mulowetsenso. Ntchito imeneyi ndi ya pa kompyuta, ndipo popeza magetsi a ESCOM amatha kuthima muli pakati, sungani fayiloyo pafupipafupi osadalira zenera la uthenga.

Kwa amene amatumiza kuchokera pa seva ya webusaiti, monga risiti kapena chitsimikizo cha malo, pali zina zoonjezera. Imelo inayamba ngati mawu okhaokha, ndipo dongosolo la MIME la 1992 ndi lomwe linatsegula njira yonyamulira zina. Mukapanda kulemba mitu ya MIME-Version: 1.0 ndi Content-Type: text/html; charset=UTF-8, wolandira amaona zizindikiro za HTML zili poyera. WordPress imatumiza mawu wamba pokhapokha mutaiuza. PHPMailer, pulogalamu yotumizira imelo kuchokera pa seva, imafuna isHTML(true), ndipo CharSet yake muisinthe kukhala UTF-8 chifukwa imabwera ili pa iso-8859-1, gwero la MalaÅµi uja. Uthenga wabwino umanyamula magawo awiri, la mawu wamba ndi la HTML, pansi pa multipart/alternative, la mawu wamba likhale loyamba. Mu PHPMailer gawo limeneli ndi AltBody. Malamulo a imelo salola mzere wopitirira zilembo 998, ndiye HTML yofinyidwa kukhala mzere umodzi imathyoledwa m'njira, nthawi zina pakati pa linki, ndipo pena mumaona chizindikiro cha ! chitangomera pakati pa mawu. Kutumiza ndi quoted-printable kapena base64, njira zodula mizere mosawononga uthenga, kumathetsa zimenezi.

Seva yanu isamanamizire kuti uthenga ukuchokera ku adiresi ya @gmail.com. Olandira amafufuza ngati sevayo ili ndi chilolezo chotumizira m'dzina limenelo, kudzera mu SPF ndi DKIM, ndipo ikalephera uthenga umagwera mu spam kapena kubwezedwa. Tumizani ndi adiresi ya dzina la webusaiti yanu mutakonza SPF, DKIM ndi DMARC (lamulo louza olandira chochita ndi uthenga wolephera ziwirizo), apo ayi dutsani pa smtp.gmail.com pa port 587 ndi App Password, pasiwedi yapadera yomwe Google imakupatsani, popeza Google inasiya kulola pasiwedi wamba pa mapulogalamu otere mu May 2022. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulowa, ndipo wotumiza mauthenga 5,000 pa tsiku ku Gmail ayenera kukhala ndi SPF, DKIM ndi DMARC zonse zitatu pamodzi ndi linki yosiyira ya kudina kamodzi.

Ambirife sitifika kumeneko, koma ngakhale anthu 80 ndi udindo. Musaike maadiresi awo pa To kapena Cc pomwe aliyense aona a mnzake. Gwiritsani ntchito Bcc. Akaunti yaulere ya Gmail imalola olandira 500 pa tsiku, kupyola apo imakutsekani kwa maola. Mndandanda ukamakula, samukirani ku mapulogalamu opangidwira ntchitoyi monga Mailchimp kapena Brevo, omwe ali ndi mafomu oyalidwa kale m'matebulo ndipo amaika okha linki yosiyira. Tumizirani okhawo amene anavomera. Adiresi yomwe mlendo analemba m'buku la pa risepishoni anailemba kuti agone, osati kuti azilandira malonda mwezi ndi mwezi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudza mauthenga a malonda osapemphedwa, ndipo Data Protection Act ya 2024, yomwe MACRA imayang'anira, imakhudza kasungidwe ka maina ndi maadiresi a anthu. Ngati tsambalo si lanu, monga nkhani ya m'nyuzipepala, kulikopera lonse n'kuligawa kwa gulu kumagwera pa Copyright Act ya 2016. Tengani ndime imodzi, tchulani mwini wake, ikani linki.

Kuyesa kusadumphidwe, ngakhale mutafulumira chotani. Dzitumizireni ku maakaunti awiri osiyana, ya Gmail ndi ya Outlook, ndipo mutsekule pa foni ya munthu wina yomwe sinalowepo pa webusaiti yanu, pa data osati pa WiFi ya mu ofesi. Tsekani zithunzi muone ngati uthenga ukumvekabe. Yatsani dark mode. Dinani linki iliyonse, ndipo mawu a linki agwirizane ndi komwe ikupita, chifukwa linki yolembedwa adiresi ina koma yopita kwina ndi chizindikiro cha akuba chomwe zosefa zimachidziwa. Mu Gmail, pa timadontho titatu, Show original imakuonetsani ngati SPF ndi DKIM zalembedwa PASS komanso charset yomwe yayenda. Poyesa kachiwiri sinthani Subject, apo ayi Gmail imalumikiza mauthengawo n'kubisa zobwereza kuseri kwa timadontho, inu n'kumaganiza kuti zatayika. Yesaninso Forward: kampani ya ku Lilongwe ija idzatumiza uthenga wanu kwa ena, ndipo pulogalamu iliyonse yomwe wadutsamo imaulembanso mwa njira yake. Wa mzati umodzi umapirira ulendowu kuposa wa mizati itatu.

Mzere woyamba wa mawu ndi umene umaoneka pansi pa Subject pa foni munthu asanatsekule. Tsamba lokopera limayamba ndi mawu a menyu, Home, About, Contact, ndipo amenewo ndi amene amakhala moni wanu. Achotseni, muyambe ndi chiganizo chonena chimene mwabweretsa: mitengo ya zipinda ya nyengo ya Khirisimasi, kapena tsiku latsopano la msonkhano wa makolo.

Imelo ikachoka siisinthanso, pamene tsamba mumalisintha tsiku lililonse lomwe mwafuna. Mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, koma maimelo a mitengo omwe anatumizidwa mwezi wa October anakhalabe m'mabokosi a anthu ndi manambala akale. Choncho pamwamba pa tebulo la mitengo lembani tsiku lomwe yayamba kugwira ntchito ndi lomwe idzathe, tchulani ngati ili mu kwacha kapena madola komanso ngati msonkho waphatikizidwa, ndipo pansi pake ikani linki yopita ku tsamba lenilenilo, yolembedwa kuti "Onani mitengo ya lero pa webusaiti yathu."